Mutu 4: Dzina la Mudzi Wathu pa Fomu

1. Pepala la kulaibulale

Mayeso athu omaliza anatha mu Juni chaka cha 1983. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkadzuka m'mawa wopanda kopita. Amayi ankalawirira kukaphika kusukulu ya ana ku Catford, bambo kugalaja ya mabasi kumene ankalemba ndandanda ya madalaivala. Ine ndikatsuka mbale ndinkapita kulaibulale ya ku Lewisham. Kumeneko munthu utha kukhala tsiku lonse osayankhula, popanda wokunena kuti ndiwe wonyada.

Amene anaona pepalalo ndi Marjorie, mnzanga wa m'kalasi, wobadwira mu London momwemo kwa makolo a ku Jamaica. Linali pabolodi ya pakhomo, pakati pa chidziwitso cha kwaya ndi cha mphaka wotayika. Bungwe lina lotumiza achinyamata kukagwira ntchito kuminda ya kunja linkafuna anthu okathyola mphesa kumwera kwa France mu Sepitembala, kwa milungu itatu. Chakudya ndi pogona ankapereka ndi alimi eni akewo.

Marjorie ankaganiza za dzuwa ndi anyamata a ku France. Ine ndinkangofuna kukaona. Ndiulule pano kuti kufikira tsiku limenelo ndinkayesa kuti mphesa zimabala pamtengo waukulu ngati maapozi. Ndinabwereka buku, n'kupeza kuti zimayanga pawaya, m'mizere yofika m'chiuno, ndipo amazidula ndi kampeni kokhota. Tsiku lonselo ndinangokhalira kuyang'ana chithunzi cha munda wosaoneka pothera. Ndinachoka ku Malawi ndili ndi zaka zinayi, choncho munda waukulu ndinali ndisanauonepo ndi maso.

Tinalembera bungwelo, ndipo mafomu anafikira kwa Marjorie chifukwa ine ndinali ndisanauze makolo anga. Ankafuna zithunzi ziwiri, kalata ya dokotala ndi nambala ya pasipoti. Amene sanali nzika za Britain anayenera kutumiza zonse pasanafike pa 22 Julayi, kuti bungwe liwapezere chilolezo chogwirira ntchito.

Marjorie analemba nambala yake mosachita kuganiza. Ine ndinalibe pasipoti. Ndinali ndisanatulukepo m'dzikomo, ndiye sindinaifunepo. Mnzangayo anaseka, n'kunena kuti dziko lililonse lili ndi ofesi yake mu London, ndingopita kwa anthu akwathu akandipatse.

2. Mafunso amene ndinkawadziwa

Ndinkadziwa kuti bambo anathawa kwathu chifukwa cha ndale. Ana ambiri a kutchalitchi kwathu tinali otero, ndipo nkhaniyo tinkaitenga ngati matenda a msana a akuluakulu: ilipo, amaidandaula, koma si yathu. Ine ndinali ndisanalakwirepo boma lililonse. Lachiwiri m'mawa ndinakwera sitima ya ku Charing Cross, ndalama ya basi ili m'manja.

Ofesiyo inali yaing'ono kusiyana ndi mmene ndinkaganizira. Pakhoma panali zithunzi za minda ya tiyi ndi amayi osankha fodya. Mayi wa patebulo anayang'ana kaye thalauzi langa, chifukwa masiku amenewo akazi kwathu sankavala thalauzi, kenako anamwetulira n'kundilonjera m'Chichewa. Ndinamva zonse, koma ndinayankha m'Chingerezi monga ndinkachitira kunyumba, ndiponso motsitsa mawu moti anachita kundibwerezetsa.

Anandilandira bwino. Anandipatsa fomu n'kufotokoza kuti pamafunika mboni, munthu wodziwika monga m'busa, nesi kapena dokotala, woti asaine kumbuyo kwa chithunzi changa. Asanandifunse dzina, telefoni inalira. Ndinathokoza n'kutuluka.

Fomuyo ndinakailembera kulaibulale. Inafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ndinasangalala, chifukwa amenewa anali mafunso amene ndinakulira nawo. Kwathu mlendo akafunsa mwana kuti kwanu n'kuti, mwana n'kuyankha kuti ku Lewisham, makolo ankachita manyazi ngati mwanayo watukwana. Bambo ankatiimika pabalaza Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi mpaka titaloweza: kwathu ndi kwa Kansonthe, m'boma la Dowa.

Ndinalemba zonse ndi zilembo zazikulu, zaukhondo. Dzina langa, Esnat Kamtedza. Dzina la bambo, Rowland Kamtedza. Adiresi ya nyumba yathu ku Lewisham. Pamene anafunsa m'bale wokhala kumudzi ndinalemba azakhali anga a Bessie, mlongo wawo wa bambo, mphunzitsi wa pulayimale, ndi dzina la sukulu yawo. Sindinafufutepo ngakhale chilembo chimodzi.

3. Anti Petronella

Mboni imene ndinaiganizira inali Anti Petronella, nesi wa ku Zambia amene tinkapemphera naye. Kwawo kunali ku Chipata, ndipo ankabwera kwathu pafupifupi mwezi uliwonse. Ndinawapeza masana atangoweruka, ataviika mapazi m'beseni, yunifomu ikadali m'thupi.

Nditawauza za mphesa anaseka mpaka madzi anakhavukira pansi. Anati mwana amene satha kupempha mchere patebulo akufuna kukapempha ntchito kwa Mfalansa. Anandifunsa ngati ndinagwirapo khasu, n'kundiuza nditambasule manja. Anawatembenuza ngati akusankha nsomba pamsika, n'kunena kuti tsiku lachitatu ndidzakhala ndikulira. Komabe anati ndi maganizo abwino, mtsikana aziona dziko. Anapukuta manja, n'kuvala magalasi, n'kutenga fomu.

Anawerenga tsamba loyamba. Atafika pa lachiwiri anatulutsa mapazi m'beseni.

"Esnat, khala pansi," anatero. "Iyi pepala siningasaine. Osati kuti sinikufunira zabwino, iyayi. Manje mvera. Uganiza makalata ya azakhali ako yafika bwanji kunyumba kwanu? Yabwera na ine, mu handibagi. Azakhali ako alemba, apatsa munthu wopita ku Mchinji. Uyo munthu aoloka malire, apatsa mlongosi wanga ku Chipata. Mlongosi wanga aika mu envulopu ina, alemba dzina langa, atumiza kuno. Atate ako akayankha, njira ni yomweyo, ndipo pansi pa kalata salemba Rowland. Zaka khumi na zinayi tichita tere. Unaganiza nibwera kwanu kudzamwa tiyi chabe?"

Ndinayankha kuti ndinkayesa positi ya kwathu imachedwa.

"Positi ilibe mlandu. Atate ako atathawa, kunabwera anthu kumudzi kudzafunsa azakhali ako kumene ali. Iwo anati sadziwa, kapena anafa. Anawachotsa ntchito zaka ziwiri. Anawabwezera chifukwa panalibe umboni. Manje iwe watenga dzina la atate ako, nyumba yawo, dzina la azakhali ako na sukulu yawo, waika zonse pa pepala imodzi, na handiraitingi yabwino. Amayi aja anakusekerera kuofesi angakhale munthu wabwino, sinikana. Koma pepala siikhala pa tebulo yawo. Ipita kwanu, ipita m'manja ambiri, ndipo sitidziwa yonse. Kapena sipangachitike kanthu. Kapena. Iwe uzakhala ku France udya mphesa. Amene azayankha mafunso ni mzimayi wa zaka fifite amene sunamuonepo kuchokera uli mwana."

Ndinkayembekeza kuti aing'amba. Sanatero. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

"Ndiwe wamkulu," anatero. "Mzungu aliyense angakusainire, sadziwa kanthu. Ine sinizauza atate ako. Koma ukalibe kuponya, pita ukawaonetse wekha."

Anabwezera mapazi m'beseni, n'kudandaula kuti madzi azizira.

4. Pabokosi la makalata

Zimene Anti ananena za mzungu zinali zoona. Lachisanu ndinapita kwa dokotala wathu kukatenga kalata yotsimikizira kuti ndili ndi thanzi. Anandiyeza mtima, n'kunena kuti naye ali mnyamata anakathyolako mphesa, ndipo msana unamupweteka mwezi wathunthu. Ndinatulutsa chithunzi. Anasaina kumbuyo kwake akupitiriza nkhani ya msanayo.

Marjorie nditamufotokozera sanamvetse. Anati akuluakulu amaopa zinthu za kalekale, ndipo boma lililonse lili ndi ntchito zambiri zoposa kuwerenga fomu ya mtsikana wofuna kuthyola zipatso. Anandikumbutsa kuti kwatsala masabata atatu okha. Anandipatsanso sitampa.

Loweruka masana ndinaima pabokosi lofiira la makalata pafupi ndi msika wa Lewisham. Ogulitsa kabichi ankakuwa mitengo yawo. Ndinalowetsa envulopu pakamwa pa bokosilo mpaka theka, zala zikadaigwira. Ndinakhala choncho nthawi imene sindikuidziwa.

Kumbuyo kwanga kunali gogo wina wachizungu ndi makalata ake. Anatsokomola kawiri, kenako anandifunsa ngati ndikuponya kapena ndikuotha dzanja. Ndinasolola envulopu ija, n'kupepesa, n'kumupatsa malo. Kenako ndinakwera basi ya ku Hither Green.

5. Kudimba kwa bambo

Bambo anali ndi kadimba kobwereka kukhonsolo, m'mbali mwa njanji. Kanali kakang'ono, mwina ngati pabalaza pathu kawiri. Ankadzalamo mpiru, nyemba, chimanga chimene sichinkakhwima chaka chilichonse, ndi maungu. Azungu olima nawo pafupi ankadabwa kuti bambo amathyola masamba a maungu n'kusiya maunguwo. Mmodzi anafika powapatsa buku lophunzitsa kalimidwe.

Ndinawapeza akupalira, atapinda thalauzi. Anadabwa kundiona, chifukwa kudimbako ndinkapitako mochita kukakamizidwa. Ndinangotsegula envulopu n'kuwapatsa.

Anapukuta manja pamalaya. Anawerenga ataimirira, mwakachetechete, tsamba lililonse mpaka pansi. Sitima inadutsa. Kenako anakhala pandowa yovundikira n'kufunsa ngati pali wina kuofesiko amene anaiona italembedwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinatchula dzina langa. Ndinati ayi, telefoni inalira. Anapuma mpweya wautali.

"Wakhoza zonse," anatero. "Sunaphonye ngakhale dzina la mfumu. Ndinakuphunzitsa ndine."

Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Wolakwa ndine, mwana wanga. Ndinakuphunzitsa kutchula kwanu, koma sindinakuuze kuti pali malo amene sukuyenera kukutchula. Ndinkati ukule kaye. Kenako ndinkati chaka chamawa zinthu zisintha, tipita, ndiye palibe chifukwa chokuopsezera. Ndanena chaka chamawa kakhumi ndi kanayi. Tamvera tsono. Pepala si munthu. Munthu ukamuuza chinthu amatha kuiwala, amatha kukumvera chisoni, amatha kumwalira nacho. Pepala limangokhala m'kabati kudikira woliwerenga. Usanalembe dzina la munthu wina papepala lililonse, uzidzifunsa kuti mwini dzinayo ali kuti, ndipo akadziwa angavomere kodi. Azakhali ako anandibereka kumsana ndili khanda. Usiku umene ndinathawa anandipatsa nsapato za amuna awo. Sanandipemphepo kanthu, koma chimodzi: kuti ndizikhala ngati ndinafa."

Pakona pa dimbalo panali chitini chimene ankatenthera zinyalala. Ndinatenga fomuyo m'manja mwawo, n'kuing'amba ndekha, n'kuiponyamo. Bambo anandipatsa machesi. Chithunzi chokha anachisunga m'thumba la malaya, nati ndinaoneka ngati wogwidwa ndi nkhuku yakuba.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Ndinatola khasu kuti ndipeze choyang'ana. Koma bambo anafunsa kuti mphesazo amathyola bwanji, ndi manja kapena ndi mpeni. Ndinawauza za kampeni kokhota, za mizere ya waya, ndi za amuna onyamula madengu kumsana kukakhuthula m'ngolo. Anafunsa ngati amathirira. Anafunsa za mtundu wa dothi, ndipo nditati n'lamiyala anakana, nati palibe mlimi wanzeru angadzale pamiyala. Ndinati bukulo likutero. Anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezo n'zofunika munthu akaone ndi maso.

Anandiyang'ana mmene ndinkagwirira khasu, n'kubwera kudzanditsitsa dzanja lamanzere.

6. Buku labuluu

Tikupalira limodzi, bambo anandiuza kuti ilipo njira ina. Ku Croydon kuli ofesi ya boma la Britain yoona za alendo. Anthu othawa kwawo ngati ife atha kupempha kumeneko kabuku koyendera, kabuluu, kogwira ntchito ngati pasipoti. A Hudson a kutchalitchi kwathu anali nako, ndipo anapita nako ku Sweden. Bambo sanakatengepo, ndipo sanafune kuti wina m'nyumba mwathu akatenge.

Ndinafunsa chifukwa chake.

"M'kati mwake amalembamo kuti ungapite dziko lililonse pansi pano, kupatula limodzi," anatero. "Ndipo dziko limodzilo amalitchula dzina. Kunena zoona, ngakhale lero sungapite kwathu. Koma lero palibe pepala lonena zimenezo. Ukatenga kabukuko, udzaziwerenga ndi maso ako nthawi iliyonse ukakatsegula, ndipo pansi pake padzakhala siginecha yako. Ine zinandikanika. Iwe ndiwe wamkulu tsopano, sindingakusankhire. Ndiponso usaganize kuti n'zachangu. Mzere wa ku Croydon umayambira panja, ndipo masabata atatu akhoza kutha kabukuko kasanatuluke. Utha kusaina, mphesa n'kukuphonyabe."

Ndinapalira mpaka kumapeto kwa mzere wa nyemba. Pachikhatho panali patatuluka kale thuza. Nditabwerera ndinati, "Ndikufuna ndikayese, Adadi."

Bambo anawerama. Anathyola nkhwani, tsamba limodzilimodzi, n'kumaika m'pepala la pulasitiki. Kenako anati Lolemba apempha tchuthi kugalaja kuti andiperekeze. Koma panali chinthu chimodzi chimene iwo sakanandichitira.

Anandifotokozera kuti ndinalowa mu Britain dzina langa litalembedwa m'pasipoti ya amayi, pansi pa chithunzi chawo. Umenewo ndiwo unali umboni wokhawo wa mmene ndinabwerera, ndipo a ku Croydon akaufuna. Mwina akaisunga nthawi yaitali, mwinanso osabweza. Pasipotiyo inatha mphamvu kalekale, koma amayi ankaisunga m'sutikesi yokhoma pamwamba pa wadiropu. Mayi awo, agogo anga, anali akadali moyo kumudzi, okalamba kwambiri. Zaka zapitazo bambo anayesapo kuitchula nkhani ya ku Croydon, ndipo amayi anayankha kuti tsiku limene pasipotiyo idzatuluke m'nyumba, ndiye kuti iwo aika maliro a mayi awo akadali moyo. Kuyambira pamenepo nkhaniyo sinatchulidwenso.

"Ine sindingawapemphe," bambo anatero. "Ulendo ndi wako. Ukapemphe ndi pakamwa pako, ndipo ukayambire pachiyambi, usabise za fomu ija."

Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Bambo anafungatira nkhwani zawo, ine ndinkayang'ana thuza langa.

Tinapeza amayi akusita malaya a kutchalitchi pabalaza, wailesi ikulira pansipansi. Anayang'ana nsapato zanga zamatope, n'kuyang'ana bambo, n'kuyang'ananso ine.

"Mwabwera awiri, nkhope zofanana," anatero. "Ayambe ndani?"

Bambo anati nkhwani zifota, n'kulowa kukhitchini. Ndinamva mpopi ukutsegulidwa mwamphamvu kuposa mmene masamba ochepawo ankafunira.

Ndinagwada pafupi ndi tebulo lositirapo, monga ankandiphunzitsira ndili mwana, ngakhale panali patapita zaka ndisanachite zimenezo. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anandithawa, ndipo ndinayambira kumapeto.

"Amayi," ndinatero, "ndikupempha kiyi wa sutikesi."

Amayi anaimika ayironi. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi.